Chuku cha ku Manyamula

Lachinayi, Julayi. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mu labu ndinali ndekha.

Chuku chimene ndinachipeza m'dothi la ku Manyamula chawira bwino m'botolo. Dzulo ndinasefa madzi ake n'kudonthezera pa mbale ya mabakiteriya. Lero pamene panagwera dontho payera, mabakiteriya afa. M'madzimo muli mankhwala, koma makina odziwira mtundu wake ali ku Lilongwe.

Ndinaimbira aphunzitsi anga a ku yunivesite, sanayankhe. Ndinaonetsa chithunzi cha mbaleyo mayi NyaJere, eni nyumba imene ndikukhalamo. Anachiyamikira m'chiyankhulo chakwawo, anati, "Chiwemi chomene, mwana wanga. Ndi dzira lokazinga?"

Tinaseka. Koma amene ndimafuna kuwaonetsa ndi malemu bambo anga. Bala lawo la pamwendo linakana mankhwala onse. Akanakhalapo lero, mwina...