Batire la a Kaputeni

Lolemba, 3 Malichi

Injini yatikana lero. Tinatuluka bwinobwino ndi matanga, koma pobwerera mphepo inangoti zii pakhomo penipeni pa doko, pamiyala paja. A Kaputeni, amuna angawa, kupotokola kiyi: ke-ke-ke, basi. Kachiwiri, chete. Bwato likungoyandama kulowera kumiyala. Mwamwayi atikoka ndi anzathu omwe timamangirira nawo pafupi, padoko ponse anthu akuonerera.

Bambowa manyazi okhaokha. Titafika kunyumba akuti batire loyatsira injini lafa ndi ukalamba. Ndinafuna kunena kuti tonse tili m'njira yomweyo, ndinangomeza.

Lachiwiri, 4 Malichi

Apita okha kusitolo. Ndinati ndiwaperekeze, akuti, "Kodi batire ndi diresi?" Chabwino. Zaka makumi atatu ndi zinayi m'banja, ndimadziwa pofunika kukhala chete.

Lachitatu, 5 Malichi

Takamangirira batire latsopanolo. Ntchito yanga ndi yakale ija, kugwira tochi, chifukwa m'kachipinda ka injini muli mdima ngakhale masana. Ndikuwaunikira choncho ndikuona atenga waya wofiira akulunjika nawo pamutu wa minasi. Ndinawagwira dzanja. "Pulasi ili uku, bambo." Anaima kaye, kenako kuseka: "Ndimakuyesani ngati muli maso." Sindinaseke nawo. Ndi iwo omwe anandiphunzitsa kuti ukasemphanitsa mawaya amenewa ukhoza kuotcha zonse.

Titamanga bwino, injini inangozungulira mwaulesi ngati munthu wodzutsidwa kutulo, osayaka. Iwo akuti a kusitolo awagulitsa chakufa. Atakwera pamwamba ndinawerenga zolembedwa pambali. Si loyatsira injini ayi, ndi la magetsi a m'kati ndi firiji. Zalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ndithu.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndabweza batire lija ndekha, iwo ali kumsonkhano wa eni mabwato. Kulemera kwake! Msana ukundiuzabe. Ndinatenganso kabuku ka injini ndi chithunzi cha batire lakale pafoni.

Mayi wa m'sitoloyo ngwodziwa ntchito, ndipo sanyoza. Akuti mabatire ali ngati anthu: lina ndi lonyamula katundu wolemera kamodzi n'kupuma, lina ndi loyenda mtunda wautali ndi kathumba kopepuka. Injini ya dizilo ngati yathuyi imafuna loyambalo. Anandionetsa nambala ya mphamvu yoyatsira, kabuku kakuti isachepere 700. Tinayeza bokosi ndi tepi (miyeso ndinalemba padzanja), tinaona mbali yomwe pulasi ikhale kuti mawaya afike, ndipo anati nditenge lomata, losatayikira asidi bwato likapendekeka. Tapeza la 760.

Ndikutuluka anandiitana pang'onopang'ono. "Amayi, pepani ngati ndikulowerera. Bambo aja ndinawapatsa mndandanda kuti asankhe, anauyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti aiwala magalasi. Komatu magalasiwo anali atavala. Kenako anangoloza pashelefu. Ndinawauza kuti si limenelo, anati iwo ayamba kuyendetsa bwato ine ndisanabadwe."

Ndinakhala m'galimoto osaliza. Zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Nyuzipepala anasiya mwezi wa Novembala, akuti mabodza okhaokha. Mauthenga a pafoni, "Tandiwerengereni mayi, m'manja mwanyowa." Tiyi wothira pambali pa kapu. Kiyi wa galimoto anandisiyira chaka chatha ati kundilemekeza, ine n'kumanyadira. Maso anga ndiye anali kuti?

Lachisanu, 7 Malichi

Ndawaphikira zomwe amakonda, adya theka.

Loweruka, 8 Malichi

Mwana wathu wamkazi anaimba m'mawa, ndinamuuza zonse ndili kubafa kuti bambo ake asamve. Iye akuti agulitse bwatolo msanga lisanawaphe. N'zosavuta kunena uli kutali. Bwato limeneli analigula lili chibowolebowole, analikonza okha zaka zitatu, thabwa ndi thabwa. Ndamuuza andipatse masiku.

Lamulungu, 9 Malichi

Tapita kudoko titachoka kutchalitchi. Batire ndinalitsitsira ndekha m'bokosi, linalowa ngati linabadwira momwemo. Ndinati, "Lero tochi mugwire ndinu, ndikufuna kuphunzira." Ndimayembekeza mkangano. Anangolandira tochiyo.

Anandiuza zonse osayang'ana n'komwe. Yambani wofiira. Palani mutuwo uwale. Sipanala ya teni, musamange ngati mukulimbana ndi mdani. Pakani girisi pang'ono. Lamba wa bokosi akhale wothina, mafunde sachita ulemu. Ndikamaliza chilichonse ankapapasa ndi zala kuona ngati chagwira. Tochi yonseyo inkaunikira bondo langa, sindinawauze.

Kupotokola kiyi, kamodzi kokha, injini du-du-du! Bwato lonse kunjenjemera, utsi kumbuyo, madzi akulavulidwa bwinobwino. Ndinakuwa ngati kamtsikana.

Iwo sanasangalale. Anakhala pamasitepe, tochi ikuyakabe m'manja, n'kunena china chomwe phokoso linameza. Ndinazimitsa injini.

"Ndati nambala zija za kusitolo sindinazione, mayi. Ngakhale miyala ija Lolemba. Ndinkangoimva ndi makutu." Akuti zili ngati utsi pakati pa diso, m'mbali mokha ndi momwe mukuoneka. Chayamba kalekale, lamanzere ndiye latheratu. Ankaopa kuti akanena, tiwalanda bwato.

Ndinangoti Lachiwiri tipita kwa dokotala wa maso, ndipo za diresi sindikufuna kumvanso. Anaseka pang'ono, akupukuta m'maso ndi kansanza ka girisi, nkhope yonse bii.

Kenako anaimirira, napita kutsogolo akugwira chingwe cha m'mbali, n'kumasula chomangira bwato. Ndinafunsa kuti mukutani. Akuti batire latsopano limafuna injini iyende ola lathunthu, nanga tiyendetsera pano?

"Khalani pachiwongolero. Mundiuze zomwe mukuona, ine ndikuuzani zochita."

Sindinatulutsepo bwato padoko chibadwire. Tinadutsa miyala ija ili kumanja kwanga, iwo ataima kumbuyo kwanga, dzanja lili paphewa langa, akufunsa kuti mbendera ya padoko ikuloza kuti.