Chitseko Chimene Sitinatsegule

Achimwene Mukhtar,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kutentha kwa ku Jeddah sikukusautsani. Kuno ku Hajjah mapira acha, ndipo mayi mawondo aja akupezako bwino.

Munafunsa za mwana wanga Wadha. Chikuku chinalowa m'mudzi Ramadani itangotha. Nayenso chinamugwira, koma wadzuka, alhamdulillah, ndipo akudya.

Anthu a katemera anabweratu chaka chatha. Anali amuna awiri achilendo, ndipo alamu anu anali atapita kumsika. Apongozi anga anawayankhira kuseri kwa chitseko: "Mwini nyumba kulibe, sitingatsegule. Mwana wosadwala mumubayiranji? Bwerani mawa." Ine ndinangoima pawindo, mwana ali m'manja. Galimoto yawo sinabwerenso. Mkazi wa Saleh, woyandikana nafe nyumba uja, anawatsegulira tsiku lomwelo, tonse n'kumamunena kuti alibe manyazi. Ana ake ndi awa akuthamangitsana panjapa.

Alamu anu nkhaniyi saitchula. Apongozi amangoti zinalembedwa, koma masiku ano ndi iwo amene amamugwira dzanja Wadha potsika masitepe.

Zithunzi za nyanja zija musavutikenso kumutumizira, chikuku chinamutengera maso. Muzimujambulira mawu pafoni. Mukangotchula dzina lake amatembenuka, n'kumafufuza ndi manja kumene muli.

Ndine mlongo wanu,
Najat