Kaphiri ka a Kazembe

Lolemba, 3 Juni

Alamu akadali pano. Achemwali atawathamangitsa, anabwera ndi kachikwama ndi bokosi la masewera a nkhondo. Malaya osinthira anaiwala, bokosi ayi. Ayala mapu a katoni patebulo lodyera: mtsinje, mlatho, nkhalango, kaphiri. Iwo ateteze kaphiriko, ine ndikalande. Ife tikudyera pamiyendo. Akazi anga awatcha a Kazembe. Munthu wa imvi zake, kupukuta timadayisi ndi mpango ngati mazira.

Lachitatu, 5 Juni

Akasinja anga onse apsera pamlatho. Anabisa mfuti yachiwaya m'kanyumba ka kutsidya. Kuseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Alamu, pamlatho sathamangirapo, yambani mwaponya utsi." Nzeru zonsezi za pakatoni. Ntchito anasiya okha atakangana ndi abwana, banja n'kumagwa iwo ali chete ndi kabuku ka malamulo a masewera.

Lachinayi, 6 Juni

Achemwali aimba foni ndili pamakina osokera, diresi ya kasitomala ili pakati. "Uwauze asabwerenso. Loko ndasintha, katundu wawo ali pakhonde la kuseri." Ndiye woti akanene ndine. Pakamwa pokalipira ali napo, pouzira mwamuna wawo alibe.

Madzulo uthengawo sindinapereke. Ndimangoyang'ana mapu. Pamlatho n'pafupi, koma ndi kumanda. M'nkhalango n'kutali, asilikali akafika mochedwa koma amoyo. Mizinga ndiisiye ikubangula kumlathoko, a Kazembe aziyesa ndikubweranso komweko.

Loweruka, 8 Juni

Ndazembera m'nkhalango. Sanaone.

Abwereka malaya anga oyera, asita okha, kolala apsereza. Agula maluwa apulasitiki. Mawa akuti akukapepesa, ndipo pulani ilipo: "Mizinga choyamba, nditsogoza abusa. Kenako ndilowa ndekha cha kukhitchini." Kulankhula ali serious, chala chili m'mwamba. Uchitsiru wake wochititsa manyazi ndi woonera yemwe.

Akazi anga kukhitchini: "Mwawauza?" Ndati masewera akatha. Anditsonya.

Lamlungu, 9 Juni

Sanapite. Abusa sanawaimbire n'komwe.

Masana asilikali anga atulukira kuseri kwa kaphiri. Mbali imeneyo analibeko ndi mmodzi yemwe. Mumtima ndimati akatswiri aja agona. Ndinali nditakonza kale mawu owabwezera chipongwe cha Lachitatu.

Iwo, maso ali pamapu: "Dzulo madzulo ndinadutsa kunyumba kuja. Zikwama zanga ndaziona. Zanyowa." Kenako kundiika madayisi m'manja. "Ponyani, alamu."

Ndaponya. Kaphiri ndalanda. Anandigwira chanza ngati kumaliro, n'kuyamba kubwezera asilikali awo m'malo mwake mmodzimmodzi. Akuti mawa tisinthane, ine nditeteze.

Akazi anga akufuna tebulo lawo. Ndawauza alisiye kaye, mpaka alamu apeze kolowera.