Amayi Akutuluka mu Impresora

Ulongwe, mwezi wa Agosto

Wokondedwa mlongo wanga Hermínio,

Uli bwanji ku Beira kumeneko, iwe, alamu ndi ana? Chifuwa chija chinakusiya? Kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatiumitsa zala.

Ukukumbuka pa Natale, Khirisimasi ija, unatilumikizira impresora kuti tonse pakhomo tizisindikizira? Unaibaya pa kompyuta ya Windows ya alamu athu a Arlete, akazi a achimwene a Justino, ndipo kalaputopu kanga ka Linux kamatumiza zinthu kudzera pa rede, netiweki ya m'nyumba. Unandichenjeza kuti yawoyo ikazima ine ndilibe podutsira. Ndinati palibe vuto, ndife a nyumba imodzi. Kupusa kwangako.

Lamulungu lapitali kunali misa yokumbukira amayi ku Fonte Boa. Ndinkafuna kusindikiza chithunzi chawo chija avala duku lobiriwira, tikachiike kutsogolo. Loweruka masana ndinapempha alamu kuti ayatse kompyuta. Anandiyankha kuti tinta, inki ya impresora, ndi ya makonvite oitanira anthu ku ukwati wa mwana wawo Zélia, komanso kuti akufa saona zithunzi. Anakhoma chipinda, ulendo wa ku Domwe kukagulitsa mbatatesi. Munthu amene amayi ankamusambitsa atachira Zélia yemweyo.

Ndinadinabe pa kalaputopu kanga kuti chithunzicho chituluke, kudina, kudinanso, misozi ili chuchuchu, koma zii. Ndinathamangira ku papelaria, kusitolo kosindikizira mapepala, ndinapeza atatseka. Ku misa patebulo panali kandulo yokha. Azakhali anandifunsa pagulu ngati nkhope ya amayi tinaiiwala kale. Manyazi amenewo sindidzawaiwala, Hermínio.

Lachiwiri alamu anaika mu impresora mapepala a makonvite amene anakagula ku Tete, olimba, a golide m'mbali. Ine ndinali pakhonde ndikukonza mayeso a ana a sukulu pa kalaputopu. Ndinangomva kukuwa. Pa pepala loyamba panatuluka amayi ndi duku lawo. Pepala lachiwiri amayi. Anazula chingwe, kubwezeranso, amayi anatulukanso.

Apo ndiye ndinakumbukira mawu ako, akuti chimene chalephera kutuluka sichifa, chimafola pamzere mu kalaputopu ngati matumba a ku chigayo, kudikira kuti njira itseguke. Ndinatseka kalaputopu mwakachetechete, impresora nayo inaleka.

Tsiku limenelo sindinachite dala. Koma dzulo ndinachita dala, ndipo sindikudandaula olo pang'ono. Alamu anagula mapepala ena, nawaza madzi odalitsidwa chipinda chonse. Ndinadikira mpaka nditamva impresora ikukoka pepala, ndiye ndinatsegula kalaputopu.

Pano alamu sakudya. Akuuza aliyense kuti apongozi awo akwiya, akuukana ukwati. Ine ndimangoti pepani, zimachitika.

Tsono pempho langa ndi ili. A Justino akuti akuimbira foni kuti uwauze chavuta n'chiyani. Chonde usawafotokozere za mzerewo. Ungoti zoterezi sunazionepo chiyambire ntchito yako. Zélia sanandilakwire, ndipo pa ukwati wake ndikavina mpaka miyendo kutupa. Koma mayi akewo ndikufuna akagwade kumanda, azakhali akuona, chithunzi chili m'manja mwawo, abweze ndi pakamwa pawo mawu aja akuti akufa saona. Akatero ndifufuta mzere wonse tsiku lomwelo. Akapanda kutero, dziwa kuti Loweruka lija ndinadina kwambiri, amayi akadali ambiri pamzere.

Undiperekere moni kwa alamu a Fernanda ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo uzivala juzi.

Ndakuikira pepala limodzi m'kalata muno. Taona mmene amayi akongolera ndi golide m'mbali. Ine pepala lotere sindikanatha kuwagulira.

Ndine mlongo wako,
Páscoa