Mwana Wosamva

Lachitatu, pa 12 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka. Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, ndi dzanja langa lenileni. Mukudziwa kuti sukulu ndinaithawa ndili sitandade 3, ndiye kalatayi yanditengera masiku anayi. Pa foni ndikanalephera.

Ntchito ikuyenda. Ndowa zikugulidwa, malata okha ndiwo avuta kupeza. Mlamu wanu akuchapabe zovala m'makomo, ngakhale tsopano ndi woyembekezera. Denga lija ndinakonza. Koma nkhani si imeneyo. Nkhani ndi ya mwana wanu Kamphepo.

Mukukumbukira mutabwera chaka chatha, ine ndikukhoma ndowa, iye ali khale pambali panga osaphethira n'komwe? Munati, "Uyu ndi wolimba mtima ngati bambo ake." Ine ndinanyadira. Tikamuitana iye osacheuka, ndinkati ndi mwano. Atakwanitsa zaka zinayi mawu ake osamvekabe, ndinkati ndi ulesi wa lilime, adzasintha.

Kuseri kwa msika kuno kuli holo yakale. M'mawa amaphunzitsamo ana athu kwaulere, masana akuluakulu, ndipo pakhomo pali tebulo lothandizira anthu kulemba mafomu. Mlamu wanu analembetsa mwana kumeneko. Tsiku lina mu Febuluwale ndinapita kukamutenga ndine. Aphunzitsi ake, mayi wamagalasi, anandiimitsa pakhomo.

"Bambo, mwana wanuyu samva."

"Ndikudziwa, mayi. Kunyumbanso samva. Ndikathana naye."

"Ayi bambo, ndikutanthauza kuti..."

"Musavutike. Ndi wanga, ndimamudziwa."

Munthu ankadikira ndowa yake kumsika, komanso azimayi ena anali atatchera khutu, manyazi anandigwira. Aphunzitsi anandithamangira ndi pepala, nati, "Mukawerenge, n'zofunika. Mwamva?" Ndinati ndamva. Achemwali, pepalalo linali lodzaza timawu ting'onoting'ono. Kunena kuti sinditha kuwerenga kunandikanika. Ndinaganiza kuti alembapo zolakwa za mwana. Ndinalitembenuza n'kujambulapo muyeso wa pansi pa ndowa.

Titafika kunyumba ndinathyola kamtengo. Ndinkamukwapula m'miyendo uku ndikukalipa, "Uzimva! Wamva?" Iye ankangoyang'ana pakamwa panga. Ndipo sikanali komaliza. Kuholo ndinamuletsa, ndinati ayambe wamvera kunyumba asanakandichititsenso manyazi. Mlamu wanu ndinangomuuza kuti aphunzitsi akudandaula. Za pepala sindinatchule.

Mwezi wathawu aphunzitsi aja anatulukira pamalo panga. Akuti anayenda mzere wonse wa okhoma ndowa akufunsa bambo a mwana wa timaenje m'masaya. Kamphepo anali pansi akusewera ndi zitsekero za mabotolo. Mayiwo anatenga nyundo yanga, naima kumbuyo kwa mwana, namenya ndowa mwamphamvu. Mnzanga woyandikana naye anadzidzimuka mpaka kutaya msomali. Kamphepo anapitiriza kundandalika zitsekero zake.

"Bambo," anatero aphunzitsi, "kusamva kulipo kuwiri."

Pepala lija ndinalipeza m'bokosi la miyeso, lakuda ndi mafuta. Anandiwerengera pomwepo. Linkanena kuti madokotala a makutu abwera kuholo mu Malichi kudzayeza ana kwaulere. Anabweradi. Ana asanu ndi awiri analandira tizipangizo tovala m'khutu. Dzina la Kamphepo linali loyamba pa mndandanda, analiitana katatu. Adzabweranso mu Novembala. Aphunzitsi akuti pa msinkhu wakewu mwezi uliwonse wotayika ndi mawu otayika, chifukwa lilime limakhwima. Ndawerenga ndi zala, miyezi yakwana isanu ndi itatu. Ndamudyera ndine.

Nditamuuza mlamu wanu ndinkayembekezera kuti akuwa. Anangoyanika zovala zake mpaka kumaliza, kenako anati, "Nanga wosamva m'nyumba muno ndi ndani?"

Mwana wabwerera kuholo. Inenso Lolemba ndi Lachitatu ndimatseka 3 koloko n'kukakhala pa benchi yomweyo. Anzanga amandiseka, "A Ndowa, mwayamba a e i o u ndevu zili pepeya?" Ndimangowasiya. Loweruka amatiphunzitsa kulankhula ndi manja. Ndadziwa kale madzi, bwera, zikomo ndi pepani. Vuto ndi lakuti ndikangokweza dzanja kuti ndimuuze, iye amabisa mutu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tsiku la madokotala ndi 6 Novembala. Ndalilemba ndekha ndi penti kuseri kwa chitseko. Nthawi imeneyo mlamu wanu adzakhala ali pafupi kuchira, sangathe kuima pamzere. Akamadzamuika zitsulo m'makutu, mwana adzafuna munthu womugwira dzanja, ndipo inu sakuopani. Bwerani, chonde. Mphasa ilipo, denga silikudonthanso. Ine ndidzaima panja ndi mapepala.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi muwauze kuti mdzukulu wawo alibe mwano, asadzamutumizirenso uthenga woti azimvera. Zinazo ndidzawauza ndekha ndikadzalimba mtima. Mlamu wanu akuti moni wambiri.

Moni wa Kamphepo ndi uwo pansipo. Ndinamuonetsa chithunzi chanu, ndiye wajambula dzanja lake. Chala chachikulu chapindika chifukwa pensulo wayendetsa yekha. Ndinafuna kumuthandiza, sanalole.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Kamphepo