Mawu Otsiriza a Theka

21 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo miyendo ija yasiya kutupa. Kuno tilipo, tikudzuka. Kalata yanu ndinalandira sabata yatha, itatsegulidwa kale n'kumatidwanso monga mwa nthawi zonse, poti a pamalire nawonso amafuna kudziwa za miyendo yanu. Chithunzi chija ndachiona. Munatchena, Amayi, ndipo mpando wakutsogolo unakukhalani. Mwalemba kuti kanema wa mng'ono wanga uja atatha anthu a kwanuko anaimirira n'kuwomba m'manja, ndipo akuluakulu a asilikali anakugwirani chanza n'kukutchulani mayi wa ngwazi. Tsono mundilole ndikuuzeni mmene kanema yemweyo anayendera tsidya lino, chifukwa kuno palibe anawomba m'manja.

Ntchito yanga simunaifunsepo, koma lero muyenera kuidziwa. Ndimakhala m'kachipinda kuseri kwa shopu ya mafoni. Makoma ake tinawakuta ndi matiresi akale kuti phokoso la mumsewu lisalowe, ndipo maikolofoni inavala sokosi yanga. Mmenemo ndimaika mawu athu m'kamwa mwa asilikali a m'makanema akunja. Msilikali akamafa n'kumalankhula zake zazitali, ine ndimangomunenetsa kuti wasiya nyemba pamoto, anthu m'holo n'kufa nako kuseka. Palibe amafunsa ngati ananenadi zimenezo. Chimene womasulira wanena ndicho chanenedwa.

Chaka chatha m'kachipindamo munalowa mayi wina wopanga makanema, amene tonse timangomutchula kuti Magalasi. Anali atamva za msilikali wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, bambo wa kuno, mayi wa kutsidya, amene anzake ankamutcha Theka, ndipo anafera pamlatho wa pamalire nkhondo itatsala pang'ono kutha. Atadziwa kuti Thekayo ndi mng'ono wanga, maso ake anawala ngati a munthu amene wapeza nsalu yotchipa pamsika. Anati nkhani yotere ndi imene dziko likufunika kuona: mnyamata wa mitima iwiri, yunifomu ya kuno, magazi a uko. Anandilemba ntchito yomasulira zonse zolankhulidwa m'chinenero chanu, poti m'tauni muno mwana wa mayi wa kutsidya amene watsala ndine.

Anabwera ndi a Sajeni, bambo wa dzanja limodzi amene anali ndi mng'ono wanga pamlathopo. Iwo anafotokoza kuti chipolopolo chitamulowa m'mimba, mwana wanu anagwa, kenako anadzuka, anataya mfuti, n'kuyamba kuyenda mopepesuka kulowera tsidya lanulo akufuula mawu awiri, katatu konse. A Sajeni chinenero chanu sachidziwa, koma mawuwo anawakhala m'makutu zaka zitatu. Anawatchula mokhotakhota, ngati munthu wotafuna chinthu chotentha, koma ine ndinawazindikira pomwepo.

Sindiwalemba pano, mukuwadziwa. Ndi mawu amene ankayankha ali kamwana, inu mukaima pakhomo ndi beseni n'kumuitana kuti adzasambe. Ndikubwera, Amayi. Koma chinenero chanu chili ndi kaulesi kena. Liwu limene mwana amaitanira mayi ake ndi lomwelo limene mumatchulira dziko lanu pa wailesi ndi m'nyimbo za asilikali. Ndinamufotokozera zimenezi Magalasi, iye n'kuvula magalasi akewo.

"Ndiye ankaitana ndani, bambo womasulira? Mayi ake kapena dziko?"

"Dziko," ndinatero.

Anandifunsanso kachiwiri, ndisamunamizire. Ndinamuuza kuti kwanuko mwamuna wandevu satchula mayi ake ndi liwu limenelo, kuti limatha mwana akamera mano achiwiri. Lamulo limeneli ndinalipeka pomwepo, ndipo linatuluka bwino moti nanenso ndinatsala pang'ono kulikhulupirira. Magalasi analemba m'buku mwake akumwetulira. A Sajeni anangoyang'ana pansi n'kutuluka osatsanzika.

Mwina mukudzifunsa kuti ndinachitiranji zimenezi. Musavutike, ndikukumbutsani. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi tsiku limene munasiyana ndi Bambo. Pa depoti munali ndi chikwama chobiriwira ndi matikiti awiri. Munandigwira mapewa n'kunena kuti ine ndine wamkulu, ndisamale Bambo, mudzanditenga zinthu zikakhala bwino. Wamng'onoyo munamukweza m'basi n'kumukhazika pawindo. Ndinasamaladi Bambo, mpaka kuwasambitsa ndi kuwaika m'manda. Zinthu zija sizinakhale bwino mpaka lero.

Atakula munamutumiza kuno kuti adzaphunzire ntchito. Anafika akulankhula chinenero chathu ngati ali ndi mwala m'kamwa, akupinda malaya mmene mumapindira inu, akudziwa nyimbo zanu zonse zimene ine ndinangotsala ndi mizere yake yoyamba. Anali mwana wabwino, ndipo zimenezo zinkandinyansa kwambiri. Nkhondo itayamba, ine anandibweza chifukwa cha chifuwa changa, iye n'kumutenga. Tsiku loti anyamuka mawa lake anabwera kuntchito kwanga, nsapato zili zazikulu, n'kundifunsa kuti akakaima pamtsinje paja akachite bwanji, poti amene akawaloze ndi mfuti ndi ana a amalume, amene ankadya nawo mbale imodzi. Ndinamuuza kuti akalozetse bwino. Anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala zanga za m'makanema.

Kanemayo anamuonetsa kuno Loweruka lina masana, mu holo ya tauni. Mpongozi wanu, mkazi amene mng'ono wanga anasiya, anavala diresi loyera n'kumumanga mwana wawo maliboni. Mnyamata amene anasewera ngati Theka anali wokongola mopitirira, makutu ake aang'ono, koma anthu analira naye bwinobwino pamene ankalephera kuwombera, ndi pamene anzake ankamukaniza kukhala nawo pakudya. Kenako panafika pamlatho. Anagwa, anadzuka, anataya mfuti, anafuula m'chinenero cha adani, ndipo pamwamba pake panamveka mawu anga, ochokera m'zokuzira mawu zonse zinayi: "Ndikubwera, dziko langa."

Muholo munalibe wowomba m'manja. Kenako wina kumbuyo anati galu, botolo n'kuuluka kukamenya chinsalu. Amayi amene ana awo anafera pamlatho womwewo anayamba kusuntha pabenchi mmodzimmodzi, mpaka mpongozi wanu anatsala yekha ndi mwana, malo a anthu asanu mbali iyi, asanu mbali iyo. Ine ndinali pafupi ndi khomo, ndipo ndinatuluka bwinobwino. Ena anandigwira paphewa n'kundiyamikira kuti sindinabise ngakhale anali m'bale wanga.

Lolemba, kutelala kumene mpongozi wanu amasoka mayunifomu a sukulu, anapeza makina ake atawasunthira pafupi ndi khomo la chimbudzi. Lachitatu anapeza tebulo lokha, mutu wa makina atauchotsa, ndipo abwana anamuuza kuti akayambe wapuma kunyumba mpaka anthu ataiwala. Kusukulu mwana anamukhazika kumbuyo kwenikweni. Anzake anawerengera okha kuti mwana wa Theka ndi Kotala, ndiye dzina lake tsopano ndi limenelo. Nditamva ndinaseka, Amayi. Ana a masiku ano masamu akuwatha.

Pabwalo la tauni pali khoma limene analembapo mayina a asilikali athu amene anafa. Dzina la mwana wanu lili pamzere wachisanu ndi chiwiri, ndipo panopa analimata ndi tepi yakuda. Komiti ya khomalo ikumana pa 30 Seputembala kuti igamule ngati alipale. Akalipala, mdzukulu wanu akula ali mwana wa wogulitsa dziko, ndipo tauni ino siiwala msanga ngati mmene abwana a kutelala akuganizira.

Sabata yatha mpongozi wanu anabwera kuntchito kwanga. Sanakhale pansi. Anaima pakati pa matiresi aja atagwira chikwama ndi manja awiri.

"Alamu, munthu uja akadwala malungo ankanena mawu omwewa, ine ndikumupukuta thukuta. Sankaitana dziko ayi. Inu mukudziwa."

"Kodi chinenerocho mwachiphunzira liti, alamu?" ndinamufunsa.

Anatuluka n'kupita kwa Magalasi. Magalasi sakufuna kusintha kanthu, chifukwa mzere umenewo ndi umene ukumuyendetsa m'mayiko. Koma wati ngati munthu wobadwira m'chinenerocho, amene ankamudziwa mnyamatayo, atalemba kalata n'kusainira kuti tanthauzo lake ndi lina, asintha mawuwo ndipo akauza komiti. Munthu wotero alipo mmodzi yekha, ndipo ali pachithunzi atavala duku latsopano.

Apa ndiye pamene ndimafuna tifike. Ine ndinanama, ndavomera. Koma inu munakhala pampando wakutsogolo n'kumva mawu aja m'chinenero chanu chomwe, popanda womasulira. Munamumva mwana wanu akukuitanani, matumbo ali m'manja, ndipo munadziwa. Komabe munaimirira n'kulandira chanza. Sindikukuweruzani. Ndikudziwa kuti zaka zonsezi anthu a mumsewu wanu ankakutchulani mkazi wa adani, ndipo tsopano akukupatsani moni ndi manja awiri. Mukalemba kalatayo, nkhani idzawoloka mtsinje tsiku lomwelo. Adzadziwa kuti ngwazi yawo inali msilikali wa adani amene ankangolirira mayi ake, ndipo mpando uja adzaufuna.

Mukhoza kunena kuti ndipite ndekha kwa Magalasi ndikaulule. Ndingathedi, ndi mtunda wa mphindi khumi. Sindipita. Ndimamusowa mng'ono wanga, zimenezo n'zoona, ndipo masiku ena ndimazimitsa maikolofoni n'kukhala duu osadziwa chimene ndikuchita. Koma ndimamudanso, chifukwa ngakhale pofa anali ndi munthu woti amuitane. Ine ndikanagwa pamlatho paja sindikudziwa kuti ndikanafuula chiyani. Munasankhapo kale kamodzi, Amayi, ndipo munasankha mwachangu, basi isananyamuke. Ndikufuna ndione mmene musankhire ulendo uno.

Ndaikamo envelopu yolembedwa kale adiresi ya Magalasi, kuti musavutike ndi maso anuwo. Makalata akutenga masabata awiri kuti awoloke, choncho musachedwe nayo ngati mwaganiza zolemba. Mukapanda kulemba ndidzamvanso, ndipo sindidzakufunsani.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi ana awo amene anatsala. Mapiritsi a miyendo muzimwa mutadya. Mpongozi wanu sanapereke moni, koma musamudandaule, masiku ano salankhula ndi aliyense. Mdzukulu wanu ndiye akupereka moni wambiri. Mano awiri akutsogolo aguluka, ndipo akutha kulemba dzina lake lenileni. Dzulo ndinakumana naye pachipata cha sukulu atakhala yekha, ndipo anandifunsa ngati iyenso ndi mdani. Ndamuuza kuti tidikire yankho la agogo.

Ine mwana wanu,
Wamkulu uja