Ababa Asachoke pa Njanji

Khonjeni, Thyolo

Okondedwa achimwene a Edson,

Muli bwanji ku Lilongweko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tilipo. Mvula yagwa bwino, tiyi waphukira moti madengu akumadzadza dzuwa lisanafike paliwombo.

Uthenga wanu ndaumva, woti Loweruka mukubwera kudzatenga ababa kuti azikakhala kwanu. Achimwene, wolakwa ndine. Ndine ndinakuuzani kuti mutu wawo sukuyenda bwino, poti m'mawa uliwonse amalondola njanji yosadutsanso sitima akuyankhula okha Chizungu. Ndisaname, ndinkachita nawo manyazi.

Lamulungu lapitali ndinawatsata kuti ndikawabweze. Ndinawapeza pa siteshoni yakale ija atakhala panjanji, amayi asanu othyola tiyi atawazungulira, makope ali m'manja. Awiri ndi anzanga enieni a ku esiteti, koma sanandiuzepo.

Ababa amawaphunzitsa Chizungu. Bolodi alibe. Amangoloza chimene chikudutsa, kaya wakabaza, kaya mayi wosenza nthochi, n'kutchula dzina lake, amayiwo n'kumabwereza. Zoyankhula okha m'njira zija amakhala akukonzekera phunziro.

Kenaka anayamba ya sitima yamalasha ya paunyamata wawo, mmene inkakwerera chitunda kuchokera ku Sandama ili wefuwefu, iwo ataima pambali ndi nyundo yawo yokonzera njanji. Chiganizo china Chizungu, china Chilomwe. Anayesezera kulira kwake, amayi kuseka mpaka misozi, koma pomaliza aliyense anaifotokoza nkhaniyo payekha m'Chizungu. Ine wa fomu 2 ndinangoti kukamwa yasa. Kodi munkadziwa kuti tili ndi bambo wotere?

Mayi Lisa, mmodzi wa amayiwo, anandikokera pambali. Anati ukapitawo ali nawowu anaupeza chifukwa cha ababa, poti ku intavyu anayankha mafunso onse osanjenjemera. Anati enawo intavyu yawo ili mu Juni.

Pobwerera ndinawaululira ababa zonse zimene ndinakuuzani, ndi zoti mukubwera kudzawatenga. Sanandikalipire. Anati ngati ana agwirizana iwo sangakane, safuna kuvutitsa munthu. Anangopempha kuti tiwadikire mpaka Juni, asasiye amayi aja panjira. Achimwene, ndinalira ngati mwana.

Chonde, asachoke kuno, kaya Juni kaya liti. Kwanuko adzangokhala kumpanda kuyang'ana geti. Za zakudya ndi mankhwala awo a BP ndisiyireni ine.

Loweruka bwerani ndithu, mugone, Lamulungu mudzadzionere nokha. Koma chikwama cholongedzera zovala zawo chisiyeni. Ngati mukufuna kuwathandiza, muwagulire nsapato zolimba, saizi 8. Zimene ali nazozi miyala ya panjanji yaziboola, akumaikamo makatoni.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Philip ndi kwa Queen. Ambuye akusungeni, muyende bwino pamsewu.

Ndine mlongo wanu,
Teleza